Nyale ya Buluu Yasowa

Loko anali wokhoma bwinobwino, zenera lili chitsekere ndi bulangete lake lakuda, koma nyale panalibe.

Manjabii anatula chimtolo cha matisheti chimene anasenza kuchokera ku holoselo, napukuta madzi a mvula kumaso, n'kuyang'ananso. Pa thabwa la pamwamba pa tebulo, pomwe pankakhala nyale yake ya UV, yowala buluu, panatsala mabowo okhaokha. Masikuluwu amene ankaigwira anali atandandalikidwa m'mphepete mwa tebulo, mitu yonse italoza kumodzi ngati ana a sukulu pa mzere.

"Wakuba uyu analeredwa bwino," anatero.

Dzina loti Manjabii anam'patsa ndi anthu a mu msewu wawo, chifukwa inki sinkachoka m'zala zake ngakhale atsuke ndi mchenga. Ankadinda mawu ndi zithunzi pa matisheti m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo ya lendi. Kale lonse ankalandira tintchito ta matisheti awiri atatu, koma tsopano inali itam'gwera yaikulu: yunifolomu ya Mavu, timu ya mpira wamanja ya amayi a mu msika. Loweruka anali ndi masewero olimbirana chikho. Kaputeni wawo, chimzimayi chachitali chogulitsa nsapato, sanabise mawu. "Lachisanu tikapanda kuwaona matisheti, tipita kwa a makina m'tauni, ndipo msika wonse udziwa chifukwa chake."

Tsikuli linali Lachinayi, ndipo popanda nyale panalibe chodinda.

Ntchito yake inkayenda motere. Sikirini ndi nsalu ya timabowo ting'onoting'ono ngati sefa, yokungidwa pa felemu ya matabwa. Amaipaka mankhwala obiriwira n'kuiumitsa mu mdima. Ikauma amagonekapo chithunzi chakuda chojambulidwa pa pulasitiki yoonekera, kupsinja ndi galasi, n'kuyatsa nyale. Pomwe kuwala kwafika mankhwala amalimba. Pomwe chithunzi chatchinga amakhalabe ofewa, madzi amawakokolola, n'kutsala njira yodutsa inki. Dzuwa nalo limatha kugwira ntchito ya nyale, koma sabata yonseyo kumwamba kunali kovindikira ngati mphika, mvula ikungowaza osaleka.

M'mawa uja anali atagoneka sikirini youma pa tebulo, akuti aikepo chithunzi cha mavu atagwira mpira, magetsi n'kuthima. Anatukwana pang'ono, nazimitsa maswichi onse, nakhoma, n'kupita kukatenga matisheti. Sikirini ija inali pomwepo mpaka tsopano.

Anainyamula kupita nayo pa mpopi wa panja. Poti chitseko chinatsegulidwa iye kulibe, sakanaikhulupiriranso. Kunali bwino aitsuke, apake mankhwala ena. Mankhwala amene sanaone nyale amachoka ndi madzi okha ngati thovu la sopo. Anatsegula mpopi nathira. Osachoka. Anakanda ndi chikhadabo. Anali gwa!

"Ohoo. Unayatsa eti?"

M'kachipinda muja mumakhala mdima wa ndiweyani ngakhale masana, ndipo swichi ya babu lachikasu, limene siliwononga mankhwala, inabisika kuseri kwa kabati. Wakubayo anayatsa nyale yomwe ankabayo kuti aone pomasula. Ndiye kuti anabwera magetsi atayakanso, ndipo anachedwamo, poti mankhwala salimba m'kuphethira kwa diso.

Akuganiza choncho, madzi anayamba kuboola pakati pa sikirini. Kachigamba kena kanasungunuka, kenako kena pambali pake. Manjabii anaikweza m'mwamba kuti aone bwino. Panatuluka zozungulira ziwiri zolumikizana pakati, ndi timizere tachimbuuzi topingasa kumbuyo kwake.

Mandala. Wakubayo anavula mandala, nawapinda, nawaika pa sikirini, ndipo nyale inawajambula.

Anaseka mpaka nkhuku zimene zinabisala mvula pansi pa thanki zinamwazikana.

Makiyi a kachipindako anali atatu: wake, wa amuna ake, ndi wa a Landilodi. Abambo awiri onsewo ankavala mandala, ndipo chithunzicho sichikanamuuza kuti ndi a ndani, chifukwa chinthu chosagona bwino pa sikirini chimatuluka chosaoneka m'mphepete. Koma asanaloze munthu chala, panali maso ena amene sankaphonya kanthu pa bwalo limenelo.

*

Saluni inali m'kontena pafupi ndi geti, khomo lake loyang'ana m'bwalo. Mwini wake anali akuluka mutu wa mayi wina wonenepa, chipeso ataluma pakamwa.

"Nyale ya buluu ija? Yasowa?" Analavulira chipeso m'dzanja. "Ndiye mwathamangira kwa ine poti ndili ndi yanga youmitsira zikhadabo? Iyo apo, asisi, kakang'ono ngati mbale ya sopo. Chinyale chanu chija ndingaumitsire chiyani ine, ziboda za ng'ombe?"

"Sindinati ndinu. Ndabwera kudzabwereka maso. Magetsi anayaka liti?"

"Chakumasana. Ndikudziwa chifukwa amayi awa anakhala ndi mutu wonyowa kuyambira m'mawa, akundinena mumtima."

"Ndikukunenanibe," anatero mayi wonenepa uja osatembenuka.

"Atayaka analowa pa geti ndani?" anafunsa Manjabii.

"Wa tomato, koma ndinam'bweza, amadulitsa. A Landilodi sanatuluke n'komwe. Chipitire amayi akunyumba kwawo kukaona mdzukulu, bambo aja akungodzitsekera ngati nkhuku yofungatira mazira. Akatuluka, n'kumangodzikanda m'khosi. Ndati kaya n'kusungulumwa, kaya sopo wawathera."

"Wina?"

Wa saluni anakoka tsitsi la mayi uja pang'onopang'ono, akumva kukoma kwa nkhani isanatuluke. "Asisi, za m'banja ine sindilowerera."

"Lowererani lero lokha."

"Bambo a kwanu. Anabwera nthawi ya nkhomaliro, akunyang'ama ngati mphaka wakuba nsomba. Potuluka anali ndi thumba, m'katimo muli chinthu cholemera." Anatsitsa mawu. "Chingwe cha magetsi chikulendewera panja."

*

Amuna ake a Manjabii ankagulitsa mu shopu ya zitsulo kuseri kwa siteji ya mabasi. Anali munthu wabwino mtima, ndipo ndilo linali vuto lawo. Sankatha kumva mnzawo akudandaula osam'bwereka kanthu, ndipo kanthuko nthawi zonse kankakhala ka akazi awo. Ambulera, beseni lalikulu, mpando wa pulasitiki, zonse zinapita choncho.

Atamuona akulowa, sikirini ili m'khwapa, anabisala kuseri kwa zitini za penti.

"Ndakuonani, bambo. Mimba ikuonekera."

Anatuluka akumwetulira. "Amayi, mwabwera mvula yonseyi? Khalani apa. Ndikugulireni chakumwa?"

"M'thumba munali chiyani?"

"Thumba liti?"

"Lokhala ndi mchira."

"Mtsikana wa saluni uja, Mulungu anam'patsa maso anayi. Mverani, amayi, tikambe ngati anthu. Mnzanga uja wa matayala mawa akukafunsira ntchito. Malaya ake anali ngati otafunidwa ndi mbuzi. Ndikanatani?"

"Ndiye mwam'patsa nyale yanga kuti asitire?"

"Nyale? Ayi, ayironi!"

"Ayironi yanga youmitsira inki pa matisheti?"

"Abweza mawa."

"Abweza lero, kusanade, ndipo mukaitenga ndinu." Manjabii anatsamira pa kauntala. "Nyale yasowa, bambo. Wina waimasula pa thabwa."

Nkhope ya amuna ake inagwa ndithu. "Ya buluu? Nanga Mavu aja? Kaputeni uja adzatimenya tonse awiri ndi dzanja limodzi."

Zinkaoneka ngati zoona, koma Manjabii anakhala nawo zaka zambiri, ankadziwa kuti nkhope imeneyo imagwa mosavuta. Anapisa m'thumba la epuloni natulutsa sikuluwu imodzi mwa zija anazipeza pa tebulo.

"Iyi ndi saizi yanji?"

Amuna ake anaitenga, naitalikitsa mkono wonse, natsinzina. Kenako anayamba kudzisisita m'matumba, la malaya, la buluku, la kumbuyo, mpaka anawapeza mandala ali pamutu. Anawatsitsira pamphuno, n'kuibweretsa sikuluwu pafupi.

"Yaing'ono iyi. Tili nazo zambiri."

"Popanda mandalawo simungaione?"

"Ndingaone chiyani? Mukudziwa inu. Basi ndimaiona ikadali kutali, koma zapafupi zonse ndi utsi."

Manjabii anailanda sikuluwu ija. Munthu uyu akafuna kumasula kanthu amavala mandala. Wakuba uja pofuna kumasula anavula. Komanso munthu amene masokosi ake amapezeka limodzi kukhitchini lina pansi pa bedi sangandandalike masikuluwu pa mzere.

"Mwapulumuka," anatero. "Koma ayironi."

Ali pakhomo anaima. Anakumbukira munthu wina amene mwezi uliwonse amaima pa mita ya magetsi, mphuno itagunda galasi, mandala ali m'manja.

*

A Landilodi anapuma ntchito yoyendera matikiti m'mabasi, koma mawu a ntchitoyo sanapume nawo. Ankalankhula ngati akulengeza kwa anthu odzaza basi. Manjabii anawapeza atakhala pakhonde la nyumba yaikulu, jekete lomanga mabatani mpaka m'khosi, mandala ali pamphuno. Makatani a kuchipinda kwawo anali otseka.

"Mayi wa nyumba yakuseri! Takulandirani. Ngati ndi za denga lodontha, nkhaniyo ikuunikidwa."

"Si za denga, bambo. Andibera."

"Kuba? Pa malo anga?" Anawongola msana. "Chikhalire ine pano sipanasowepo ngakhale supuni. N'chiyani chasowa?"

"Nyale yanga yogwirira ntchito. Loko sanathyole. Kiyi wanu uja mukadali naye?"

"Kiyi ameneyo amasunga ndi amayi, ndipo amayi ali pa ulendo. Ine lero sindinaponde kuseri. Ndakhala ndikuwerenga nyuzipepala." Dzanja lawo linakwera lokha kupita m'khosi, nalibweza msanga.

"Inu simunamve kalikonse?"

"Mvula pa malata, mayi. Munthu sungamve ngakhale njovu ikudutsa. Ndikulangizani mufunse bwino anthu a m'nyumba mwanu. Sindikutchula munthu, koma katundu wanu amadziwika kuti ali ndi miyendo."

Manjabii anagwedeza mutu ngati wagonja. Anagoneka sikirini pa katebulo ka pakati pawo, nakhala pa njerwa za khonde, n'kuyamba kufinya chala chake.

"Mwatani?"

"Kachitsotso ka thabwa kandilowa pomwe ndimanyamula felemuyi. Ndi inkiyi sindikukaona. Amuna anga maso awo ndi a nkhuku. Inu mungakaone, bambo?"

"Bweretsani kuno. Ine singano ndimalowetsa ulusi kamodzi n'kamodzi."

Anavula mandala. Anawapinda mwaulemu, mwendo wina pamwamba pa unzake, nawaika pa chinthu chosalala chimene chinali pafupi, pa sikirini. Kenako anagwira chala cha Manjabii n'kuchibweretsa pafupi ndi mphuno.

"Sindikuona kanthu."

"Yang'anitsitsani."

Ndi dzanja linalo Manjabii anakankha mandala aja pang'onopang'ono pa nsalu yobiriwira, mpaka anafika pa zozungulira ziwiri zija. Anakhala ndendende ngati phazi mu nsapato yake.

"Kachitsotso kalibe, bambo. Taonani apa."

A Landilodi anawerama. Anayang'ana mandala, nawanyamula, naona chithunzi chake pansi. Anawabwezera, nawanyamulanso.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi mandala anu. Munawaika apa m'mene mumamasula nyale. Munaiyatsa kuti muone, ndiye inakujambulani. Ntchito yake ndi imeneyo."

"Mandala amafanana, mayi. M'dziko muno muli anthu ambiri ovala..."

"Okhala ndi kiyi wa chipinda changa ndi awiri. Winayo akavula mandala sangaone ngakhale sikuludiraiva ili m'manja mwake."

A Landilodi anatsokomola. "Monga mwini malo, ndili ndi udindo woyendera nyumba zanga nthawi ina iliyonse, kuona ngati mawaya..."

"Bambo, katani lanu lakuchipinda silinatsekeke bwino. Pansi pakepo pakutuluka buluu."

Onse awiri anatembenuka. Kunsi kwa katani kunkaoneka kamzere kowala ngati lawi la gasi.

Kenako a Landilodi anamasula batani la m'khosi, nadzikanda ndi manja onse awiri, mwaufulu, ngati munthu amene wakhala akudziletsa tsiku lonse.

"Nsikidzi," ananong'ona.

"Chiyani?"

"Musakweze mawu! Nsikidzi, mayi. Ndinagula matiresi pa kaunjika kuti amayi akabwera adzapeze chatsopano. Anandiletsa kale zogula pa kaunjika, koma mtengo wake unali wokoma. Usiku woyamba ndinayesa udzudzu. Wachiwiri ndinayatsa tochi." Anatseka maso. "Zinali pa mzere ngati anthu okwera basi ya m'mawa. Ndipo amayi akubwera Loweruka."

"Nanga nyale yanga yalakwanji?"

"Mnzanga wina amene tinkagwira limodzi ntchito anandiuza kuti kuchipatala amaphera tizilombo ndi getsi la buluu. Ndinati ndibwereke pang'ono, ndibweze inu musanafike. Masikuluwu ndinawasunga bwino, munaona nokha."

"Ndinaona. Ndiye zafa?"

"Kufa? Zikungoyendayenda m'kuwalamo ngati zili ku dansi. Zina zabwera ndi ana."

Manjabii anayesa kudzigwira, koma phwete linam'pulumuka. Anaseka mpaka misozi, akumenya njerwa ndi dzanja lake lakuda.

"Osangopempha bwanji, bambo?"

"Ndikanapempha mukanafunsa kuti ndi yachiyani. Mukanadziwa inu, akanadziwa wa saluni. Akanadziwa wa saluni..."

"Zikanamveka mpaka kwa mdzukulu."

"Mwaona."

Anapukuta misozi ndi epuloni. "Nyale imeneyo imalimbitsa mankhwala a pa sikirini basi. Nsikidzi mukuziwalitsira njira. Zimafuna madzi owira m'mfundo zonse za bedi, ndi mankhwala opopera. Matiresiwo atulutseni, musawamvere chisoni. Tsopano nyale yanga."

A Landilodi analowa m'nyumba. Buluu uja anazima. Posakhalitsa anatuluka atafungatira chinthu chokulungidwa m'bulangete la pabedi, akuyang'ana ku geti.

"Imani pomwepo!" Manjabii anadumpha chammbuyo. "Bulangete limenelo lachokera kuti?"

"Ndimati wa saluni asaone."

"Ine kuseri kuli matisheti oyera a timu yonse. Mukufuna amayi a mu msika akadzikande m'bwalo la masewero, anthu akuonerera? Kaputeni uja adzandikwirira wamoyo. Bulangete libwerere. Nyale muiike apa."

Anaitsuka pakhonde pomwepo ndi mswachi wakale, ngodya ndi ngodya, a Landilodi atagwira tochi. M'kabowo ka chingwe munatuluka ziwiri zonenepa. Manjabii anaziphwanya ndi chikhadabo.

"Mayi," anatero a Landilodi motsitsa, "nkhani iyi ithere pakhonde pano."

"Zidalira denga langa, bambo. Lija likuunikidwa lija."

"Mmisiri abwera Lolemba."

"Ndiye kuti nyale munaitenga kukaikonza waya. Ndinaiwala ndine."

*

Wa saluni sanakhulupirire za wayazo ngakhale pang'ono, koma anabwereketsa chowumitsira tsitsi cha m'manja posinthana ndi lonjezo loti adzamva zonse tsiku lina. Manjabii anamangirira yekha nyale pa thabwa. Anatenga sikirini ina, naipaka mankhwala mbali zonse pansi pa babu lachikasu, naiumitsa ndi mphepo yozizira ya chowumitsira chija. Anagoneka chithunzi cha mavu, napsinja ndi galasi, nayatsa nyale, n'kutuluka kukadikira panja, atatsamira chitseko ngati mlonda.

Amuna ake anafika akuthamanga, atanyowa, ayironi ili m'manja ikadali yofunda.

"Yapezeka? Anaba ndani?"

"Inapita kokonzedwa."

"Inawonongeka liti?"

"Bambo, gwirani paipi."

Pa mpopi madzi anagunda sikirini. Poyamba panalibe kanthu. Kenako phiko linatseguka, lina, chiuno chopyapyala, mpira, ndi zilembo zinayi zazikulu pansi pake, m'mphepete mwake mwakuthwa ngati modula ndi lumo. Manjabii anaiumitsa, namata tepi m'mbali, nayala tisheti yoyamba pa thabwa. Anathira inki yakuda, nakoka chopalira cha labala kamodzi, mwamphamvu, n'kukweza felemu.

Mavu anatera pa nsalu yoyera, athunthu, mpaka mbola.

Anaimba foni manja ali ndi inki. "Akaputeni? Mawa masana mubwere ndi thumba lalikulu."

"Atuluka bwino zedi," anatero mawu ena kumbuyo.

Anali a Landilodi. Anaima panja pa khomo, mu mvula yowaza, ketulo yaikulu ya madzi owira ili m'dzanja, khosi atalitalikitsa kuti aone. Phazi limodzi linali litayamba kale kulowa, ndipo dzanja linalo linkakwera kupita ku kolala.

Manjabii anawaloza ndi chopalira.

"Kandirani panja pomwepo, bambo."